Madzi a ku Dedza Sawira pa 100

   A kumbuyoko mukundimva? Mawu akamachepa mukweze dzanja, paja pakhosi pa mphunzitsi wopuma pantchito panadzaza fumbi la choko.

Mwandiitana kuti ndidzalankhule za fizikisi, makamaka ya m'manja ija imene ana athu amaitcha pulakitiko. Mwaona kuti sindinanyamule buku. M'jumbomu muli chingwe, miyala iwiri, msomali, batire, waya ndi jekeseni yopanda singano. Mfundo zanga ndi zinayi. Yoyamba, chimene dzanja lagwira mutu suiwala msanga. Yachiwiri, lembani chimene mwaona, osati chimene buku likufuna. Yachitatu, kusowa labotale ndi vuto lenileni, koma si chifukwa chopindira manja. Yachinayi, tione kuti akugwira zipangizo ndi ndani, ndipo akuzigwira motani. Pa ziwiri zoyambazo ndichedwapo ndithu. Zinazo tidutsa mothamanga, poti ndamva kuti nsima ili kale pamoto.

Mfundo yoyamba: chimene dzanja lagwira mutu suiwala msanga.

Akuluakulu adati kandimverere anakanena za m'maluwa. Ukatuma mnzako kubwalo kuti akakumverere mlandu, nkhani imakupeza itathyoka, mutu uku miyendo uko. Fizikisi ya m'makalasi athu ambiri ndi ya kandimverere. Munthu wina anaona chinthu ndi maso ake zaka 400 zapitazo. Wolemba buku anamumverera, mphunzitsi anamverera wolemba buku, mwana naye akukopera pabolodi zimene mphunzitsi wamverera. Pofika m'kope la mwanayo patsala zilembo zokhazokha, T apa, L apo, g pansi pake. Aloweza, alemba mayeso, pofika Khirisimasi zonse zauluka.

Tiyeni timuchotse pakati kandimverereyu. Chingwe ichi ndachiyeza ndi rula. Kuchokera pamene ndamangapa kufika pakati pa mwala ndi mita imodzi. M'mabuku amati pendulamu, ife tingoti katungwe wa mwala. Nonse munakwerapo katungwe pansi pa mtengo wa mango, ndiye ndikufunseni. Pakatungwe pakhale mwana wonenepa, kenako pakhale mwana wowonda. Ndani amapita ndi kubwerera msanga? Amene mukuti wonenepa kwezani manja. Tsitsani. Amene mukuti wowonda? Mwaona, holo yagawikana pakati, ndipo aphunzitsi ena kutsogolo kuno manja awo angofika m'mapewa, kuopa kulakwa pamaso pa ana.

Mkangano wotere sutha ndi kukweza mawu, umatha ndi wotchi. Iwe mtsikana wa juzi yobiriwira, tabwera. Bwereka foni ya aphunzitsi akowo, utsegule wotchi yowerenga masekondi. Ndikokera mwalawu pambali pang'ono chabe, ndiusiya osaukankha. Kupita ndi kubwerera ndi ulendo umodzi, ndipo tiwerenga maulendo 20. Tiwerengere limodzi tonse.

Wapeza angati, mwanangu? Masekondi 40 ndi kanyenyeswa pamwamba. Tsopano ndimasula kamwala aka, ndimangapo chimwala ichi, cholemera mwina kanayi, koma kutalika kwa chingwe ndikusiya momwemo. Tiwerengenso. Masekondi 40. Wonenepa ndi wowonda afika limodzi.

Tamverani phokoso limene labuka m'holo muno. Zaka zonse ndili pantchito, phokoso limene ndinkalisakasaka ndi limeneli. Mwana amene wakweza dzanja poyera, walakwa, ndipo mwala wamutsutsa iye akuona, ameneyo adzafika pa ukalamba akukumbukira. Ndikanangolemba pabolodi kuti kulemera kwa mwala sikusintha nthawi ya katungwe, mukanakopera mwaulemu, n'kutuluka muno mukukhulupirirabe mumtima kuti wonenepa amathamanga.

Sitinathane nacho chingwechi. Ndikachipinda pakati, chikhale masentimita 50, nthawi ikhala yotani? Ndikumva ambiri mukuti 20, theka la 40. Yesani, mupeza 28. Kuti masekondi atsike kufika pa 20, chingwe chiyenera kufupika mpaka masentimita 25. Ndiye kuti pofuna kudula nthawi pakati, chingwe umachidula panayi n'kutengapo gawo limodzi. Kachizindikiro ka sikweya ruti kamene mumakathawa m'masamu kaja, kwawo ndi kuno. Sanakaike m'buku pofuna kukuzunzani, ndi mwala umene umayenda choncho.

Wina afunsa kuti bwanji tikuwerenga maulendo 20, osangowerenga umodzi n'kupita kukadya. Chifukwa chake ndi chala. Diso likaona, chala chimachedwa kudina ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a sekondi. Paulendo umodzi wa masekondi awiri, kuchedwako ndi kwakukulu. Pa masekondi 40 kumangomira ngati mchere wa pachala m'mphika wa pamaliro. Mwana amene wamvetsa zimenezi waphunzira chinthu choposa katungwe. Wadziwa kuti muyeso uliwonse uli ndi chilema chake, ndipo munthu wochenjera amafuna njira yochichepetsera. Akatenga masekondi akewo n'kuwalowetsa m'masamu a m'buku, apeza nambala yoyandikira 9.8. Taganizani, mwana wa Fomu 3, ndi ulusi wosomola kuthumba la feteleza, wayeza yekha mmene dziko lapansi limakokera zinthu.

Galileo Galilei, amene anabadwira ku Pisa m'dziko la Italy mu 1564, analibe ngakhale wotchi ili m'manja mwa mtsikanayu. Pofuna kudziwa mmene zinthu zimagwera, anasema kangalande pathabwa lalitali, n'kulipendeketsa, n'kumagubuduzamo kampira kachitsulo. Nthawi ankaiyeza ndi madzi. Anaika chidebe pamwamba, pansi pake kampopi, madzi akugwera m'kapu kampira kaja kali paulendo, kenako madziwo n'kuwaika pasikelo. Madzi ochuluka, nthawi yaitali. Anapeza kuti nthawi ikawirikiza kawiri, mtunda umawirikiza kanayi, ikawirikiza katatu, mtunda umawirikiza kasanu n'kanayi. Buku lofotokoza zimenezi linatuluka mu 1638, mwini wake atakalamba, maso atachita khungu. Mu 1656 Christiaan Huygens wa ku Netherlands anatenga katungwe yemweyu n'kupangira wotchi. Ndipo mu 1971 David Scott, ataima pamwezi paulendo wa Apollo 15, anagwetsa hamala ndi nthenga nthawi imodzi, zonse zinafika pansi limodzi, poti kumeneko kulibe mpweya wotchinga nthenga. Inu simufunika kupita kumwezi. Gwetsani buku ndi pepala padera, buku litsogola. Kenako sanjikani pepalalo pamwamba pa buku, lisatulukire m'mbali, mugwetsenso. Mukandiuze pa nkhomaliro.

Ndibwereze, chimene dzanja lagwira mutu suiwala msanga.

Mfundo yachiwiri: lembani chimene mwaona, osati chimene buku likufuna. Apa ndiulule tchimo langa.

Nditangochoka kukoleji anandituma kukaphunzitsa pasukulu ina kumapiri a ku Dedza. Ndinali mnyamata, tayi pakhosi, wodzimva kuti fizikisi yonse ili m'thumba la malaya. Sukuluyo inali ndi mathemomita awiri okha, tizipangizo toyezera kutentha tija. Tsiku lina m'mwezi wa June, chisanu chikuluma zala, tinakoleza mbaula ya makala pakhonde, tinatereka chitini cha madzi, ndipo ndinauza ana kuti mphindi iliyonse azilemba kutentha kwa madziwo mpaka atawira. Magulu ankasinthana.

M'gulu loyamba munali mtsikana wina wofatsa, wosalankhulalankhula, amene ankakhala pafupi ndi zenera. Anagwada pambali pa mbaula, diso lili pa themomita, utsi ukumuliza misozi. Manambala ake anakwera bwinobwino, 62, 74, 85, 92, kenako 95. Mphindi yotsatira 95. Inanso 95. Madzi akubwata, nthunzi ili tolotolo. Anabwera ndi kope lake, ine kungoona ndinati, "Madzi amawira pa madigiri 100. Pita ukaonenso." Anapita, anagwadanso, anabwerera. "Sala, ndi 95." Ndinatenga cholembera chofiira, ndinakhwatcha 95, n'kulemba 100, pansi pake n'kuwonjezera kuti aphunzire kuwerenga themomita. Magulu enawo anali akumva. Aliyense anabwera ndi 100 wowala bwino, ena osayandikira n'komwe mbaula. Onsewo ndinawachonga. Amene analephera tsiku limenelo anali mmodzi yekha, yemwe anayang'ana.

Patapita miyezi, ndikukonzekera mayeso, ndinayesa ndekha madzulo ana ataweruka. Themomita yoyamba inaima pa 95. Ndinati yafa iyi. Yachiwiri nayo 95. Ndinati makala achepa mphamvu, ndinakupiza ndi katoni mpaka thukuta. Madzi anabwata mwaukali, anaphwera theka, koma 95 sanasunthe. Ndili chiimire pakhondepo, zinandibwerera zimene ndinaloweza kukoleji, n'kukhoza nazo mayeso, koma osazimvetsa.

Mpweya umene watizungulirawu uli ndi kulemera. Umapondereza pamwamba pa madzi ngati chivundikiro chosaoneka. Madzi amawira pamene nthunzi yake yapeza mphamvu zokankha chivundikirocho. Kugombe la nyanja yamchere mpweya wa pamwamba pako ndi wochuluka, chivundikiro n'cholemera, ndipo madzi amafunika kufika madigiri 100. Ukamakwera mapiri mpweya wa pamwamba pako umachepa, chivundikiro chimapepuka, madzi amawira asanafike pa 100. Pa mamita pafupifupi 300 alionse amene wakwera, digiri imodzi imachoka. Tauni ya Dedza ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, ndiye chotsani madigiri asanu, mupeza 95 wa mtsikana uja. Ku Lilongwe madzi amawira pakati pa 96 ndi 97. Pansonga ya Sapitwa paphiri la Mulanje, mamita 3,002, amawira cha pa 90. Amene angalembe 100 ndi mtima woyera ndi mwana wa ku Nsanje, kuchigwa cha Shire, kumene nthaka yatsika kuyandikira mulingo wa nyanja yamchere. Amayi muli muno, nyemba zikamachedwa kupsa kumapiri, musamangodzudzula nkhuni. Madzi akewo ndi amene sakutentha mokwanira, ngakhale akubwata chotani.

Buku silinaname. Linalembedwa kuti madzi amawira pa 100 pamene mpweya ukupondereza ngati kugombe la nyanja yamchere. Ine ndi amene ndinameza mutu wa chiganizo, n'kulavula mchira wake.

M'mawa mwake ndinalowa m'kalasi ndi kope la mtsikana uja, ndinakhwatcha 100 wanga pamaso pa onse, n'kumupepesa. Masiku amenewo mphunzitsi kupepesa mwana chinali chinthu chachilendo, kalasi inangoti zii. Iye sanayankhe kanthu, anangoweramitsa mutu, akusisita pachikuto cha kope. Malikisi ake ndinamubwezera. Chimene sindikanatha kubweza ndi chimene ndinaphunzitsa anzake aja miyezi yonseyo, chakuti maso ako ndi abodza, zoona zili kwa amene wagwira cholembera chofiira.

Musachione chochepa chimenechi, aphunzitsi anzanga. Mwana amene wazolowera kulemba 100 themomita ikunena 95, mawa ndi amene adzakhale m'labotale ya chipatala, kulemba zotsatira za magazi zimene akuganiza kuti adokotala akuyembekezera. Ndi amene adzasaine kuti simenti ya pamlatho ndi yokwanira, osaiyeza. M'mera mpoyamba. Chinyengo cha pasikelo chimayambira pa mbaula ya pakhonde la sukulu.

Onani jekeseni iyi, ndagula yatsopano kusitolo ya mankhwala, singano ndachotsa. Ndakoka madzi otentha pang'ono a m'fulasiki, oti chala chikhoza kupirira. Nditseka kukamwa kwake ndi chala, ndikoka chokokera chake mwamphamvu. A kutsogolo kuno mukuona thovu likukwera? Madzi akuwira m'manja mwanga, popanda moto. Ndapepukitsa chivundikiro chija, basi. Ndapanga Sapitwa wamng'ono, woposanso Sapitwa, m'kati mwa jekeseni.

Tsono mwana akakubweretserani nambala yachilendo, musathamangire cholembera chofiira. Mufunseni kuti anachita bwanji. Pa katungwe uja, gulu lina limapeza 11 m'malo mwa 9.8. Kawirikawiri chifukwa chake n'chimodzi. Posiya mwala amafuula kuti "wani", pamene mwalawo sunayende n'komwe, ndiye amawerenga maulendo 19 n'kumati ndi 20. Posiya mwala umati "ziro". Mwana amene wapeza yekha pamene 11 wake wachokera waphunzira zambiri kuposa amene wakopera 9.8 kwa mnzake wa pambali. Ndipo inu ana, timadontho ta pagalafu tikakana kufola mzere umodzi, musatisunthe ndi labala. Tisiyeni pamene tagwera, mzere wanu udutse pakati pake.

Mu 1820, ku Copenhagen, Hans Christian Ørsted anaona singano ya kampasi ikugwedezeka pamene magetsi ankadutsa m'waya wapafupi. Mabuku a nthawi imeneyo sankanena kuti zimenezi zingachitike. Akanakhala ndi mtima wanga wa ku Dedza uja akanati kampasi yafa. Iye anakhulupirira chimene anaona, anayesanso, n'kulemba. Ubale wa magetsi ndi maginito unadziwika kuchokera pamenepo.

Lembani chimene mwaona. Ndanena kawiri, ndinenenso kachitatu, lembani chimene mwaona.

Mfundo yachitatu: kusowa labotale ndi vuto lenileni, koma si chifukwa chopindira manja.

Sindikufuna kukunamizani. Masukulu ambiri a CDSS alibe labotale, ndipo ine ndaphunzitsapo kalasi ya ana 90 ndi mabatire anayi. Komabe a MANEB pa mayeso a MSCE amabweretsa pepala la pulakitiko kwa onse, wa labotale ndi wopanda labotale. Ndayang'anirapo mayeso amenewa. Mwana amakumana ndi ammeter yoyezera magetsi koyamba tsiku lomwelo, yobwereka kusukulu ina. Alumikiza mawaya mosemphanitsa, singano ithawira kumbuyo kwa ziro, manja ayamba kunjenjemera, nthawi ikutha. Mwanayo si mbuli ayi. Tamutuma kukavina gule amene sanamvepo ng'oma yake.

Koma pali china chimene chimandiwawa kuposa umphawi. Pasukulu ina ndinapeza kabati yokhoma, m'kati muli makatoni a zipangizo zosamatula, magalasi, masipuling'i, mababu, akangaude atamangamo midzi. Kiyi anali m'thumba la munthu mmodzi, woopa kuti ana angaswe. Chipangizo chosweka m'manja mwa mwana chagwira ntchito yake. Chimene chachita dzimbiri m'katoni ndi chimene tataya.

Pamene zipangizo palibe, yang'anani pabwalo. Mjigo uli apowo ndi phunziro lathunthu. Mwana agwire chogwirira chake kumapeto, apope, kenako agwire pafupi ndi pamene chimazungulira, apopenso, mkono umuuza zotsalazo. Mphira wa legeni mumangireni botolo, muzithiramo madzi pang'onopang'ono ndi jekeseni, poti mililita imodzi ya madzi imalemera galamu imodzi, muziyeza mmene ukutanukira. Robert Hooke analemba mu 1678 kuti sipuling'i imatanuka molingana ndi katundu amene yasenza. Mphira sumvera lamulo limeneli ndendende ngati sipuling'i, mzere wake umapindika, ndipo mwadziwa kale chochita ukapindika. Mukaona mayi akusinja kutsidya kwa dambo, munsi umafika mumtondo, phokoso n'kubwera pambuyo. Liwu limayenda mamita pafupifupi 340 pa sekondi, pamene kuwala kumafika nthawi yomweyo. N'chifukwa chake mphezi ikang'anima, mukawerenga masekondi atatu bingu lisanamveke, dziwani kuti yagwa pamtunda wa kilomita imodzi.

Msomali uwu ndaukulunga waya wa kopa wochokera m'wailesi yakufa. Ndikhudzitsa nsonga zake kubatire, ndipo onani, wanyamula mapini. Ndasiya, agwa. Chenjezo limodzi, waya wotere amakhala wopakidwa vanishi, wooneka ngati ndi chitsulo chamaliseche pamene ayi. Mukapanda kupala nsonga zake ndi lezala, simuona kanthu. Ndinataya piriyodi yathunthu chaka china, ndikutukwana mabatire osalakwa.

Michael Faraday wa ku London sanapite patali ndi sukulu. Ali ndi zaka 14 anayamba kuphunzira ntchito yomata mabuku, n'kumawerenga mabuku amene ankamatawo. Mu 1831 anatembenuza nkhani ya Ørsted. Ngati magetsi akubala maginito, kodi maginito sangabale magetsi? Anapeza kuti maginito ikamayenda m'kati mwa waya wokulunga, magetsi amabadwa. Dayinamo ya njinga imene imakhuza tayala ndi yomweyo. Makina a ku Nkula, amene anayamba kugwira ntchito mu 1966, ndi a ku Tedzani ndi Kapichira, ndi yomweyonso, kungoti kumeneko wopalasa ndi mtsinje wa Shire.

Ndikudziwa kuti mukudikira dzina la William Kamkwamba, mnyamata wa ku Wimbe m'boma la Kasungu. Anasiya sukulu ya sekondale chifukwa cha fizi, nthawi ya njala ya 2001 ndi 2002. Ali ndi zaka 14 anaona chithunzi cha makina oyendera mphepo m'buku la mulaibulale yaing'ono ya kwawo, ndipo anamanga ake ndi fani ya thirakitala, felemu ya njinga, mapaipi apulasitiki owaphwathalitsa pamoto, dayinamo ndi mitengo ya bulugamu. Babu linayaka. Nkhaniyi ndimaikonda, koma sindikonda mmene ena amaigwiritsira ntchito. Amati, mwaona, zipangizo n'zosafunika, wanzeru amatola kudzala. Ayi. Mnyamatayo anapeza buku pashelefu chifukwa wina analiikapo. Ndipo pa William mmodzi amene tamumva, alipo angati amene njala ndi fizi zinawameza osamveka? Kanthu ndi khama, inde, phwiti anakwatira njiwa. Koma tisasandutse khama la mwana kukhala pobisalira ulesi wa akuluakulu. Tiphunzitse ndi miyala ndi zingwe lero, uku tikugogoda kwa oyenera kuti labotale imangidwe. Inunso makolo a m'komiti, pokambirana ndalama za chitukuko cha sukulu, mukatha za mpira ndi penti wa makoma, mukumbukireko mabatire, mababu ndi mathemomita.

Mfundo yachinayi, yomaliza: akugwira ndi ndani, ndipo akugwira motani.

Lowani m'kalasi iliyonse nthawi ya pulakitiko, muone. Mawaya ali m'manja mwa anyamata awiri otakataka. Mtsikana amupatsa kope, amuuza kuti iwe uli ndi zilembo zokongola, ukhale mlembi. Zaka zinayi akulemba zimene ena agwira. Ameneyo tamusandutsa kandimverere m'gulu lake lomwe, chonsecho tsiku la mayeso adzakhala yekha patebulo. Katungwe ndi kukankhana. Wakwera atsike, wokankha akwere. Gulu lisapitirire ana asanu ngati n'kotheka, ndipo wogwira, wowerenga nthawi ndi wolemba azisinthana ulendo uliwonse. Inunso atsikana musadikire kupatsidwa, paja mbewa ya manyazi inafera kuuna. Kumbukirani kuti amene anaona 95 pakhonde paja, ife tonse tili m'tulo, anali mtsikana.

Za kagwiridwe, mawu anga ndi ochepa koma olimba. Pali mwambi woti wakwata kwa mphezi saopa kung'anima. Mwambi umenewu m'kalasi mwanga sunkalowa. Magetsi a pasoketi ndi mavolti 230, amapha. Zoyesera zanu zonse zikhale za batire ya tochi ya mavolti 1.5, ndipo ngakhale iyo, waya wa pamsomali uja musaugwirize nthawi yaitali, umatentha n'kuwotcha chala. Batire ya galimoto musaiseweretse, sipanala ikakhudza mitu yake iwiri imathetheka moto. Themomita yokhala ndi madzi onga siliva ikasweka, musatole timadonthoto ndi manja, ndi poizoni, itanani aphunzitsi. Galasi lokuza zinthu muotchere pepala, osayang'anira dzuwa. Ndipo mbaula ikhale panja, pamene mphepo ikupita.

Tsopano tituluke. Pansi pa mtengo wa mango uli kuseri kwa holoyi ndamangirira akatungwe a miyala asanu ndi mmodzi. Pa asanuwo ndalemba kutalika kwa chingwe pakapepala. Wachisanu ndi chimodzi ndamukoleka panthambi ya pamwamba kwambiri, pamene rula singafike, ndipo kutalika kwake ndikudziwa ndine ndekha. Gulu limene lipeze kutalikako ndi wotchi yokha, osakwera mumtengo, litenga jumbo iyi ndi zonse zili m'katimu. Makolo musatsalire pamipando, pakufunika anthu owerenga maulendo, ndipo musaiwale kuyambira pa ziro. A mkulu wa sukulu, foni yanu tibwerekako.